Kalata yotseguka kwa Mtsogoleri wa dziko la Nigeria: madzi a ku Ogoni ayambe ayera musanatsegule zitsime za mafuta

Olemekezeka a Bola Ahmed Tinubu, Mtsogoleri wa dziko la Nigeria, pamodzi ndi nduna zanu ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Abuja,

Zikomo akuluakulu, ndapempha malo ndilankhuleko. Ine ndine Mmalawi, mwana wa msodzi, wobadwira m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota. Voti yanga simudzaifuna ndipo msonkho wanga sufika kwanu. Komabe nkhani ya anthu a mtundu wa Ogoni ndi anansi awo a kumatsiriro a mtsinje wa Niger yakhala ikundidya mumtima kwa zaka zambiri, ndipo kwathu maliro akagwa m'mudzi woyandikana nawo sitidikira kuitanidwa.

Ndili sitandade 4, tsiku lina madzulo amayi anandituma kuthira palafini m'koloboyi. Ndinathirira pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, ndipo kadontho kamodzi kanagwera m'menemo. Chifukwa cha mantha ndinangoti chete. Abambo atabwera kunyanja anatunga madziwo ndi chikho, n'kuika pakamwa, n'kulavula pompo. Amayi anaunika mumtsukomo ndi koloboyi yomwe ija, tonse tinaona kautawaleza kakuyandama pamwamba pa madzi. Madzi onse anatayidwa. Mtsukowo anaukwecha ndi phulusa ndi mchenga masiku atatu, kuuyanika padzuwa, koma fungo linakana kuchoka, mapeto ake unasanduka wotungira madzi ozilira m'nyumba.

Kadontho kamodzi kokha ndi kamene kanachita zimenezo. Ndiye nditawerenga zimene akatswiri a UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, anapeza ku Ogoni m'lipoti lawo la mu Ogasiti 2011, fungo lija linandibwerera m'mphuno. M'mudzi wa Nisisioken Ogale, m'dera la Eleme, anapeza mafuta oyenga kale akuyandama pamwamba pa madzi a pansi pa nthaka, madzi omwe amadzaza zitsime za anthu. Kuchindikala kwa mafutawo kunali masentimita 8, utali wa chala chamkombaphala cha munthu wamkulu. M'madzi amene mabanja ankamwa munali benzene, poizoni woyambitsa khansa, wochuluka maulendo oposa 900 pa mlingo umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalola. Amayi anga anali nako kokatunga madzi ena, nyanja inali pakhomo. Mayi wa ku Ogale akataya a mumtsuko mwake, ena akawatunga kuti?

Chandikhalitsa pansi kulemba n'chakuti mu Januwale 2025 munaitana atsogoleri a Ogoni ku Abuja kukakambirana zotsegulanso zitsime za mafuta za m'dera lawo, zomwe zakhala chitsekere kuyambira 1993. Amene munawasankha kutsogolera zokambiranazo ndi a Nuhu Ribadu, mlangizi wanu pa zachitetezo cha dziko. Sindikuwapeputsa bambo amenewa. Koma kusankha kwanuko kukuonetsa mmene boma likuionera nkhaniyi mpaka lero. Anthu akulira za madzi, za nsomba, za minda ndi za abale awo amene ananyongedwa, boma n'kuwatumizira mkulu wa zachitetezo. Pempho langa, bwana, ndi lakuti zitsimezo zisatsegulidwe madzi a anthu asanayere, mayina a onyongedwa asanayeretsedwe, komanso eni nthaka asanavomere okha ndi pakamwa pawo, pakhomo palibe mfuti.

Mantha a anthu amenewa si a lero. Nigeria ili ndi mitundu ya anthu yoposa 250, koma ndale za dzikolo kuyambira kale zimazungulira pa ikuluikulu itatu, a Hausa ndi Fulani kumpoto, a Yoruba kumadzulo ndi a Igbo kum'mawa. Mu 1957, ufulu wodzilamulira usanabwere, atsamunda anatuma komiti ya Henry Willink kukamva madandaulo a mitundu ing'onoing'ono imene inkaopa kudzamezedwa. Lipoti lake la 1958 linavomereza kuti anthu a kumatsiriro a Niger ndi osauka, otsalira ndiponso oiwalika. Chaka chomwecho Nigeria inayamba kugulitsa kunja mafuta a pa chitsime cha Oloibiri, chomwe kampani ya Shell-BP inakumba mu 1956, ndipo chaka chomwechonso mafuta anapezeka ku Bomu, m'dziko la a Ogoni. Chuma ndi chenjezo zinafikira limodzi. Boma linatola chuma, chenjezo n'kulisiya pomwepo.

Pa nthawi ya ufulu mu 1960 dziko lanu linkadalira mtedza wa kumpoto, koko wa kumadzulo ndi mafuta a kanjedza a kum'mawa. Chigawo chilichonse chinkadya thukuta la mbewu zake, ndipo malamulo ankati theka la ndalama za lendi ndi msonkho wa zokumbidwa pansi lizibwerera kumene zachokera. Koma chuma chachikulu chitayamba kutuluka pansi pa minda ya a Ogoni, a Ijaw, a Itsekiri, a Urhobo ndi ena opanda mavoti ambiri, muyeso unasintha. Mu 1969, nkhondo ya Biafra ili mkati, boma la asilikali linalamula kuti mafuta onse ndi a boma la pakati. Mu 1978 linabwera lamulo loika nthaka yonse m'manja mwa abwanamkubwa a zigawo, kotero kuti mlimi akalandidwa munda kuti padutse paipi amalipidwa chinangwa ndi mitengo imene ili pamwamba, nthaka ya makolo ake ayi. Theka lija linanka liphwa mpaka kufika pa 1.5 peresenti kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Mu 1992 linakwera kufika pa 3, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1999 analiika pa 13. Ngakhale 13 peresentiyo imafikira ku ofesi ya bwanamkubwa, mudzi umene uli ndi chitsime umangomvera pa wailesi. Mzinda wa Abuja umene mukukhalamo, komwe likulu linasamukira mu 1991, unamangidwa pa ndalama zotuluka m'matope amenewa.

Mu 1990 a Ogoni anatopa nako kudikira. Anayambitsa bungwe la MOSOP, lomenyera ufulu wa mtundu wawo, n'kulemba chikalata cha Ogoni Bill of Rights, chomwe anachipereka ku boma la asilikali la Ibrahim Babangida. Sanapemphe kupatuka ku Nigeria. Anapempha kuti azidziyendetsera okha za kwawo ali m'dziko lomwelo, kuti gawo loyenera la chuma cha pansi pawo litukule kwawo, kuti zinenero zawo zisafe, ndiponso kuti nthaka ndi madzi awo zitetezedwe. Pa 4 Januwale 1993 anthu pafupifupi 300,000 anatuluka m'midzi atanyamula nthambi za masamba obiriwira, pa nthawi imene mtundu wonse unali ndi anthu ngati theka la miliyoni. Chiwerengero chotere sichikwana popanda agogo ndi amayi obereka ana kumbuyo. Chionetserocho chinali chamtendere. Chaka chomwecho Shell inaimika ntchito yopopa mafuta ku Ogoni, koma mapaipi sanazulidwe, ndipo paipi yaikulu ya Trans Niger inapitiriza kudutsa m'midzi yomweyo kunyamula mafuta a madera ena kupita kudoko la Bonny.

Zotsatira zake mukuzidziwa kuposa ine, poti inunso munathawa kwanu mu ulamuliro wa asilikali wa Sani Abacha n'kukakhala kunja mpaka 1998. Pa 21 Meyi 1994 akuluakulu anayi a Ogoni, a Albert Badey, a Edward Kobani, a Samuel Orage ndi a Theophilus Orage, anaphedwa mwankhanza ndi chigulu cha anthu ku Giokoo. Ken Saro-Wiwa, mlembi amene ankatsogolera MOSOP, sanali pamalopo, achitetezo anali atamubweza panjira tsiku lomwelo. Anamangidwabe. Gulu lapadera la asilikali lotsogoleredwa ndi Paul Okuntimo linalowa m'midzi, kutentha nyumba, kumenya anthu, kugwirira amayi ndi kupha. Mlandu unazengedwa ndi khoti lapadera limene boma la asilikali linadzisankhira, mmodzi mwa oweruza ali msilikali, ndipo panalibe mwayi wochita apilo. Maloya a oimbidwa mlandu anachita kuusiya panjira ataona kumene unkalowera. Mboni zina zinalumbira poyera kuti zinapatsidwa ziphuphu kuti zinamizire anthuwo. Pa 10 Novembala 1995, m'ndende ya ku Port Harcourt, ananyonga Ken Saro-Wiwa, Barinem Kiobel, John Kpuinen, Baribor Bera, Saturday Dobee, Nordu Eawo, Daniel Gbooko, Paul Levera ndi Felix Nuate. Atsogoleri a mayiko a Commonwealth anali pamsonkhano ku Auckland sabata imeneyo, ndipo Nigeria anaiimitsa m'bungwelo.

Pa 12 Juni 2025 munalengeza kuti mwawakhululukira anthu 9 amenewa, n'kuwapatsanso ulemu wapadera wa dziko. Ndikhulupirira kuti munachita ndi mtima wabwino, ndipo atsogoleri onse amene anakhalapo inu musanabwere sanafike pamenepo. Koma abale awo ndi omenyera ufulu anayankha kuti chimene akhala akupempha ndi kuwachotsera mlandu. Ine ndawamvetsa. Pabwalo la mfumu kwathu, wokhululukidwa ndi uja wapezeka ndi mbuzi ya mwini m'khola mwake. Munthu wonamiziridwa sakhululukidwa. Mfumu imaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kunena kuti uyu alibe mlandu, olakwa ndife, kenaka onamizirawo amalipa. Kukhululukira wosalakwa ndi kumuweruza kachiwiri, ndi kusainira chigamulo cha Abacha n'kungochotsapo chingwe chimene chinagwira kale ntchito yake. Adzukulu a anthu amenewa akamaphunzira mbiri ya dziko kusukulu, buku liziwauza kuti agogo awo anali opha anthu amene boma linawamvera chisoni? Nawonso mabanja a akuluakulu anayi ophedwa ku Giokoo anaberedwa chilungamo, chifukwa khoti lachinyengo silingakuuze zoona za amene anapha bambo ako. Zaka 30 zadutsa, koma mlandu suwola. Fafanizani chigamulocho kudzera m'khoti kapena m'Nyumba ya Malamulo, nenani ndi pakamwa panu mawu akuti osalakwa, ndipo tsegulani mafayilo a asilikali a zaka zimenezo kuti mabanja onse 13 adziwe chimene chinachitika.

Izi sizochokera kwa azungu ayi. Mu 2001 komiti ya Africa yoona za ufulu wa anthu, ya ku Banjul, itamva dandaulo la SERAC, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la ku Nigeria, inagamula kuti boma la Nigeria linaphwanya ufulu wa a Ogoni wokhala ndi moyo, wa thanzi, wa katundu, wa banja, wa chilengedwe chabwino, komanso woti anthu azipindula ndi chuma cha kwawo. Ogamulawo ndi Aafrica anzathu, pa pangano limene Nigeria inasaina n'kuliika m'malamulo ake.

Ndikayang'ana zaka zonsezi ndimaona kuti boma lakhala ndi mayankho awiri okha, mfuti ndi bungwe latsopano. Ku Umuechem mu 1990 anthu anachita chionetsero pa malo a Shell, apolisi olimbana ndi zipolowe anabwera, anthu pafupifupi 80 anafa ndipo nyumba pafupifupi 500 zinawonongedwa. Ku Odi, m'chigawo cha Bayelsa, mu Novembala 1999, achinyamata achiwembu atapha apolisi 12, asilikali anasalaza tauni yonse, pansi pa boma lovoteredwa la Olusegun Obasanjo. Mu 2013 khoti linalamula boma kulipira anthu a ku Odi ndalama zokwana 37.6 biliyoni naira. Kumbali ya mabungwe, munali ndi lotukula dera la Niger Delta kumayambiriro a zaka za m'ma 1960, OMPADEC mu 1992, NDDC mu 2000, ndi unduna wapadera mu 2008 umene inu munauthetsa mu 2024. Kafukufuku wa ndalama za NDDC amene anaperekedwa kwa mtsogoleri wa nthawiyo, Muhammadu Buhari, mu 2021 anapeza ntchito zoposa 13,000 zosiyidwa panjira kapena zogwiridwa mwachinyengo, pa ndalama pafupifupi 6 thililiyoni naira. Ndinene zoona, ambiri mwa odya ndalamazo ndi ana a dera lomwelo, andale ndi makontilakitala obadwira m'midzi yomweyo. Koma amene amasankha mabwana a mabungwe amenewa ndi Abuja, ndipo apolisi ndi makhoti oti awagwire ali m'manja mwa Abuja.

Chimene chimandiopsa kwambiri ndi phunziro limene achinyamata anatolapo. Kuyambira 2006 gulu la MEND linayamba kuphulitsa mapaipi ndi kuba anthu ogwira ntchito m'makampani, mafuta ogulitsa kunja anatsika, boma linanjenjemera. Mu 2009 mtsogoleri wa nthawiyo, Umaru Yar'Adua, analengeza chikhululuko, ndipo anyamata pafupifupi 30,000 analowa m'ndondomeko yolandira 65,000 naira pamwezi ndi maphunziro a ntchito zamanja. Mtendere umenewo unapulumutsa miyoyo, sindiunyoza. Koma mnyamata wa ku Gokana, dera la a Ogoni, ali ndi maso. Waona kuti onyamula masamba ananyongedwa, onyamula mfuti analembedwa pa malipiro.

Ndiloleni ndikhaleko pang'ono pa mudzi wa Bodo, chifukwa ndi mudzi wa asodzi ngati kwathu. Uli m'dera la Gokana, uli ndi anthu pafupifupi 69,000. Chakumapeto kwa 2008 paipi ya Trans Niger inabooka kawiri, ndipo ulendo uliwonse mafuta anakhuthukira m'madzi kwa masabata ambiri isanatsekedwe. Kumeneko nsomba zimaswana m'mizu ya mitengo ya mangrove, monga momwe tiana ta chambo timabisalira m'mabango kwathu. Madzi a m'nyanja akabwerera, amayi amalowa m'matope kukatola tinkhono ndi nkhanu, zomwe ndi ndiwo za tsikulo komanso ndalama ya fizi. Mafuta anakuta mizu ija, mitengo inauma chiimire, matope anasanduka phula. Ine ndikuidziwa nkhope ya bambo amene wakocheza bwato lopanda kanthu. Ndikudziwa mmene mayi amaphulira poto wa madzi pamoto osalankhula, ana n'kukagona ndi nsima ya mchere. Kwathu zinkachitika usiku umodzi kapena uwiri, mwera ukakalipa. Ku Bodo zinakhala choncho zaka.

Thandizo loyamba limene linafika kwa anthu onsewo linali matumba 50 a mpunga, 50 a nyemba, ndi makatoni ochepa a shuga, tomato ndi mafuta ophikira. Chipukuta misozi choyamba chimene kampani inatchula chinali mapaundi 4,000, cha mudzi wonse. Anthu anachita kukasuma ku London, ndipo mu Januwale 2015 Shell inavomera kulipira mapaundi 55 miliyoni, aliyense mwa anthu 15,600 odandaulawo n'kulandira pafupifupi mapaundi 2,200. Alimi anayi a m'midzi ya Goi, Oruma ndi Ikot Ada Udo anakasuma ku Netherlands mu 2008. Khoti la apilo la ku The Hague linagamula mu Januwale 2021, kampani inavomera kulipira mayuro 15 miliyoni mu 2022, onse anayi atamwalira kale. N'chifukwa chiyani nzika ya Nigeria izichita kuoloka nyanja kukapempha chilungamo kwa oweruza a kwawo kwa eni kampani? Yankho lake ndi lowawa. Mu mgwirizano umene unkapopa mafutawo Shell inali ndi magawo 30 pa 100, pomwe boma lanu, kudzera m'kampani yake ya NNPC, linali ndi 55. Mwini gawo lalikulu ndiye woyang'aniranso, ndiye mwini asilikali, ndiye wolemba malamulo. Wodandaula alowera kuti?

Ndikudziwa chimene makampani amayankha. Amati mafuta ambiri amatayika chifukwa cha akuba obowola mapaipi ndi anyamata oyenga mafuta m'migolo kutchire, aja amawatcha a kpo-fire, amene utsi wawo wathandizira mwaye wakuda umene unayamba kugwa pa Port Harcourt mu 2016. Kuba kuliko, ndipo kukupha chilengedwe, sindikana. Koma onani mmene mlandu umagamulidwira. Lamulo limati kampani silipira chipukuta misozi ngati paipi yabowoledwa dala. Opita kukaona chifukwa chake ndi gulu limene muli kampani yomweyo, ndipo bungwe la boma loona za mafuta otayika la NOSDRA, lokhazikitsidwa mu 2006, lakhala likudalira maboti ndi zipangizo za kampani imene likukaifufuza. Fisi sangakhale mboni pa mlandu wa mbuzi yosowa. Kenaka lamulo la mafuta la 2021 linawonjezera mchere pachilonda. Anthu anapempha 10 peresenti, analandira 3 peresenti ya ndalama zimene kampani yagwiritsa ntchito poyendetsa ntchito zake, ndipo gawo 257 likuti paipi ikawonongedwa m'dera mwawo ndalama zokonzera zichotsedwe ku thumba la mudziwo. Gogo wamasiye amene sanagwirepo sipanala alipire mlandu wa akuba okhala ndi mfuti, amene asilikali a boma alephera kuwagwira. Ndipo sitima yodzaza mafuta akuba sidutsa pamadzi olonderedwa usana ndi usiku popanda wamkulu wina kutsinzina.

Za moto wa gasi ndingonena mwachidule. Lamulo la 1979 linati kutentha gasi kuthe pofika 1984. Mu 2005 khoti lalikulu la ku Benin City, pa dandaulo la mudzi wa Iwherekan, linagamula kuti mchitidwewu ukuphwanya ufulu wokhala ndi moyo. Malawi a motowo akadayakabe, ndipo m'midzi ina ya m'chigawo cha Delta amayi amayanika chinangwa pafupi ndi moto umenewo poti chimauma msanga, iwo akupuma utsi wake, chakudyacho n'kupita kumsika. Akatswiri a yunivesite ya St Gallen ku Switzerland anapeza, m'kafukufuku wofalitsidwa mu 2019, kuti mafuta akatayika mkati mwa makilomita 10 kuchokera pamene mayi amakhala iye asanatenge pathupi, chiopsezo choti khanda lake limwalire m'mwezi woyamba chimawirikiza kawiri. Manda ang'onoang'ono amenewo salowa m'mabuku a ndalama za mafuta.

Tsopano Shell yachoka pamtunda. Mu Malichi 2025 inamaliza kugulitsa kampani yake ya SPDC ku gulu la Renaissance, boma lanu litavomereza. Mlendo amene wadya pakhomo zaka zoposa 60 watsanzika, mapaipi okalamba ndi zitsime zosatsekedwa bwino watisiyira, tinene kuti wawasiyira. Komiti imene chigawo cha Bayelsa chinakhazikitsa, yotsogoleredwa ndi a John Sentamu amene anali Arkibishopu wa ku York, inanena mu 2023 kuti kuyeretsa chigawo chimodzi chokhacho kukufunika madola 12 biliyoni pa zaka 12. Uzani anthu poyera, m'zinenero zawo, kuti ngongole ya zakale ili pamutu pa yani ndipo ndalama yake yasungidwa kuti, chifukwa kampani zatsopanozi zilibe thumba lofanana ndi la amene wachokayo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandionetsa mtima wa boma kuposa zonse. Pa 17 Malichi 2025 paipi ya Trans Niger inaphulika ku Bodo komwe kuja. Mawa lake munalengeza ulamuliro wangozi m'chigawo cha Rivers n'kuimitsa bwanamkubwa Siminalayi Fubara kwa miyezi 6. Ndikudziwa kuti panali mkangano wa ndale umene unakula kale, koma m'mawu anu munatchulamo za kuwonongedwa kwa mapaipi. Tsiku limodzi linakwana. Yerekezani ndi lipoti la UNEP lija. Linati madzi akumwa aukhondo aperekedwe mwamsanga, linati pakhale thumba la madola 1 biliyoni la zaka 5 zoyamba, linati kuchira kwa dera lonse kungatenge zaka 25 mpaka 30. Bungwe la boma loyeretsa dera la Ogoni la HYPREP linakhazikitsidwa mu 2012, mwambo wotsegulira ntchito unachitika ku Bodo mu Juni 2016, patapita zaka pafupifupi 5 lipotilo litatuluka, ndipo ntchito yeniyeni inadzayamba pambuyo pakenso. Paipi ikalira boma limamva usiku womwewo. Mwana akamwa benzene boma limapanga komiti.

Sindikufuna kukhala wosayamika. HYPREP yamangako mipopi ya madzi m'midzi ina ndipo ikubzala mitengo ya mangrove, ndipo mu Febuluwale 2025 munasainira lamulo lokhazikitsa yunivesite ya zachilengedwe ndi luso ku Ogoni. Ndi zabwino. Chonde zisakhale chiwongo chogulira chilolezo chotsegula zitsime. Sukulu, chipatala ndi madzi ndi zoyenera nzika iliyonse, ya ku Kano kapena ya ku Ibadan sipemphedwa kupereka nthaka ya makolo ake kuti izipeze. Ndikudziwanso kuti a Ogoni sali pa mawu amodzi, ena akufuna mafuta ayambenso chifukwa ulova wawapweteka, ndipo ali ndi ufulu wotero. N'chifukwa chake funsolo lisathere m'hotela ya ku Abuja ndi akuluakulu ochepa olandira ndalama za mayendedwe. Lifike m'mabwalo a madera a Ogoni a Khana, Gokana, Tai ndi Eleme, amayi otola tinkhono alankhule, ndipo mudzi umene wakana uone kuti kukana kwake kwalemekezedwa. Ayezi a madzi ndi nthaka akhale oima paokha, zotsatira zake zizipachikidwa pa sukulu ndi pa tchalitchi kuti aliyense awerenge. Gawo 257 lichotsedwe, NOSDRA ikhale ndi maboti akeake, ndipo pa 13 peresenti ija pakhale gawo lofika m'midzi ya zitsime mosadzera kwa bwanamkubwa.

Mwina mukufunsa kuti Mmalawi zikumukhudza bwanji. Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream ya ku Britain chofufuza mafuta pansi pa nyanja ya Malawi, nyanja imene abambo anga anakalambirapo, imene usipa wake umadyetsa dziko lonse. Nyanja yathu ili ndi khomo limodzi lotulukira madzi, mtsinje wa Shire, ndiye chimene chatayikiramo sichichoka msanga. Okhala m'mphepete mwake ndi asodzi a Chitonga, Chinkhonde, Chiyao ndi Chichewa, anthu amene mawu awo safika msanga kulikulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Maboma a mu Africa amaonerana, ndipo Nigeria ndi mkulu wathu pa nkhani ya mafuta. Mukatsegula zitsime za ku Ogoni madzi akadanunkha, mwauza nduna iliyonse ya zamigodi kuno kuti mtundu waung'ono ungathe kudikira zaka 30 mpaka utatopa n'kusaina.

Mfumu ya ku Ogale, a Emere Godwin Bebe Okpabi, inachita kunyamula madzi a kwawo m'botolo mpaka ku London kuti anthu aone ndi maso, ndipo mu 2021 khoti lalikulu kwambiri la ku Britain linalola kuti mlandu wa Ogale ndi Bille umvedwe kumeneko. Kwa inu Ogale si kutali, ndi pafupi ndi Port Harcourt, m'dera lomwelo muli fakitale ya boma yoyenga mafuta. Musanasainire pepala lililonse lotsegula zitsime, kafikeniko nokha, mukalowe pakhomo limene alangizi anu sanakusankhireni, mukapemphe mayi wa pamenepo akutungireni madzi a pachitsime chakale cha banja lake m'chikho. Sindikuti mukamwe. Mukangochifikitsa pamphuno, ngati mmene anachitira abambo anga, kenaka mukamufunse mayiyo kuti ana ake anamwa madzi amenewo zaka zingati.

Ine wanu mwaulemu,

Mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota, Malawi